Mawu Ozuna, Gitala Yolusa: Nyimbo Ziwiri za 1976, ya ku New York ndi ya ku Lusaka

Pali nyimbo zina zimene ukazimva koyamba umadabwa kuti zinthu ziwiri zosayenderana zagwirizana bwanji. Maimbidwe ake ndi ofewa, osavuta kugwira, oti mwana akhoza kumawabwereza pochokera kusukulu. Koma gitala yake ikung'ambika, ng'oma zikugunda mopanda ulemu, ndipo woimbayo sakupepesa kwa aliyense.

Mu 1976 nyimbo zotere zinatuluka m'mizinda iwiri yotalikirana kwambiri. Ku New York, gulu la Blondie linatulutsa nyimbo yake yoyamba, "X Offender". Ku Zambia, gulu la Ngozi Family, lotsogoleredwa ndi Paul Ngozi, mnyamata wokulira m'komboni ya Chibolya pafupi ndi Kanyama, linatulutsa chimbale cha Day of Judgement, mmene muli nyimbo ya "Hi Babe". Ya ku New York inadzawerengedwa pakati pa nyimbo zoyambirira za punk. Ya ku Lusaka inali ya mtundu umene timautcha Zamrock. Tikaziika pamodzi, zimatisonyeza mmene kuzuna ndi ukali zimathandizirana m'nyimbo, komanso chimene oimba a ku Lusaka anali nacho ndi chimene chinkasowa pa siteji yawo.

Magulu a atsikana anali otani?

Kuzuna kwa "X Offender" kunachokera kwa magulu a atsikana. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, nyimbo zotchuka ku America zinkaimbidwa kwambiri ndi timagulu ta atsikana atatu kapena anayi. Mmodzi ankatsogolera, enawo n'kumapolokozera. Ambiri mwa iwo anali akuda, ndipo ena anaphunzirira kuimba m'makwaya a kutchalitchi. Panali The Shirelles, The Crystals, The Supremes, komanso The Ronettes, amene mu 1963 anatulutsa "Be My Baby" pansi pa wojambula nyimbo Phil Spector. Nyimbozi zinali zazifupi, mphindi ziwiri kapena zitatu, za chikondi cha achinyamata, zokhala ndi kolasi yogwira mtima ndi kuwomba m'manja.

Pakati pa magulu amenewa panali lina losiyanako, The Shangri-Las, atsikana a ku Queens ku New York. Iwo ankavala mabuti ndi mabuluku othina, ankaoneka ngati ana a m'misewu, ndipo nyimbo zawo zinkakamba za zibwenzi zoletsedwa ndi makolo, kuthawa pakhomo ndi imfa. "Leader of the Pack" ya mu 1964 ili ndi kulira kwa njinga yamoto mkati mwake, ndipo imayamba ndi atsikana akucheza, osati kuimba. Choncho ukali unalimo kale m'nyimbo za atsikanawa, kungoti unali utavala diresi la paphwando.

Chimene punk inatolako

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, nyimbo za rock zinali zitanenepa. Nyimbo imodzi inkatha mphindi khumi, magulu ankaimbira m'mabwalo a masewera, ndipo mnyamata wamba sakanalota zofikapo. Mzinda wa New York nawo unali pamavuto a zachuma, mpaka mu 1975 unatsala pang'ono kulephera kulipira ngongole zake. M'dera losauka la Bowery munali bala yotchedwa CBGB, imene Hilly Kristal anatsegula mu 1973, ndipo m'menemo achinyamata osadziwa kwenikweni zida anayamba kuimba nyimbo zazifupi, zothamanga, zaphokoso.

Achinyamatawa anakulira pa wailesi ya m'ma 1960, ndiye pofuna kuthawa nyimbo zazitali zija anabwerera kwa atsikana aja. Chimbale choyamba cha gulu la Ramones, cha mu April 1976, chili ndi nyimbo 14 zimene zonse pamodzi sizikwana theka la ola. Mu 1980 gulu lomweli linatulutsa chimbale chimene linajambula ndi Phil Spector mwiniwake, mmene linaimbanso "Baby, I Love You" ya The Ronettes. New York Dolls anaitana Shadow Morton, amene ankajambula The Shangri-Las, kuti awajambulire chimbale chawo cha mu 1974.

"X Offender" ndiye chitsanzo choonekeratu. Anailemba ndi Gary Valentine ndi Debbie Harry. Mmodzi mwa oijambula anali Richard Gottehrer, yemwe mu 1963 analemba nawo "My Boyfriend's Back" ya gulu la atsikana la The Angels. Nyimboyi imayamba ndi Debbie Harry akulankhula motsitsa mawu, monga ankachitira a Shangri-Las. Kenako ng'oma za Clem Burke zimalowa mwamphamvu, limba la Jimmy Destri n'kumalira mokweza. Ukangomvera maimbidwe okha, ungati ndi kanyimbo ka mtsikana wamanyazi. Koma nkhani yake ndi ya mkazi woyendayenda amene wagwa m'chikondi ndi wapolisi womumanga. Dzina lake loyamba linali "Sex Offender", ndipo kampani ya Private Stock inalisintha poopa kuti mawailesi akana kuiulutsa. Chovala chinali cha 1963, koma woivala anali mkazi wa zaka zopitirira 30 amene ankadziwa bwino lomwe zimene akuchita.

Phokosolo limapangidwa bwanji?

Kung'ambika kwa gitala kumene timamva m'nyimbo za punk ndi za Zamrock oimba amakutcha fuzz. Gitala yamagetsi imatumiza mphamvu yochepa ku amplifier, imene imaikuza kuti sipika ilire. Mphamvuyo ikapyola muyezo umene chidacho chingathe kunyamula, nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, ndipo mawu osalala aja amasanduka okhakhala, onjenjemera, ochedwa kuzima.

Poyamba akatswiri ankaona zimenezi ngati vuto loyenera kukonzedwa. Oimba ndiwo anazikonda. Mu 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks anacheka sipika yake ndi lezala kuti apeze phokoso la mu "You Really Got Me". Kampani ya Gibson inali itayamba kale mu 1962 kugulitsa kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa Maestro Fuzz-Tone, ndipo kanatchuka The Rolling Stones atakagwiritsa ntchito mu "Satisfaction" mu 1965. Jimi Hendrix anafikitsa luso limeneli patali, ndipo oimba gitala ambiri a ku Zambia ankamuona ngati mphunzitsi wawo.

Fuzz ili ndi phindu lina kwa gulu losauka. Anthu atatu okha, wagitala, wa besi ndi wang'oma, amadzaza holo ngati alipo khumi. Sipafunika malipenga kapena limba lodula. Ngakhale chida chikhale chakale, fuzz imabisa zilema zake n'kuzisandutsa mphamvu.

Makomboni amene analera Zamrock ya ku Lusaka

Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, malamulo a atsamunda oletsa anthu akuda kukhala m'tauni popanda chilolezo anatha. Anthu anakhamukira ku Lusaka kuchokera ku Chipata, Petauke, Katete, Lundazi ndi madera ena onse. Mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963 unapitirira theka la miliyoni pofika mu 1980. Nyumba za khonsolo za ku Matero ndi Chilenje sizikanakwanira. Anthu anadzimangira okha ku Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga, pa malo amene ambiri anali mafamu kapena migodi ya miyala. Mtendere inakhazikitsidwa mu 1967 monga malo amene boma linkagawa mapuloti, eni ake n'kumanga okha. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza ena mwa makomboniwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kuika mipopi ndi misewu ku Chawama, George ndi Chaisa.

M'makomboni amenewa chinenero cha pamsika, cha m'basi ndi cha ana posewera chinali Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Magetsi anali osowa. Nyimbo zinkamveka pa wailesi ya mabatire, pa galamafoni ya m'shabini, ndi m'mataveni a Chibuku. Mwana wofuna gitala ankadzipangira yekha: chitini cha mafuta ophikira chobooledwa pakati, thabwa lolowetsedwa m'chitinimo, mawaya osomoledwa ku buleki ya njinga, ndi timitengo tosongoka tokungira mawayawo. Waya ukaduka pakati pa nyimbo, ankaumanga mfundo n'kupitiriza. Gitala yotere simalira mosalala. Imanjenjemera, imalira ngati ikudandaula, ndipo khutu limene lakulira pa iyo silidabwa likadzamva fuzz.

Paul Dobson Nyirongo, amene dziko linadzamudziwa kuti Paul Ngozi, anabadwa mu 1949 ndipo anakulira ku Chibolya, komboni yodziwika ndi moyo wovuta. Ataimba m'timagulu ta ku Lusaka, anapita ku Nairobi kumene anaimbako ndi Musi-O-Tunya, gulu limene Rikki Ililonga anali mmodzi wa oliyambitsa. Atabwerera kwawo anayambitsa Ngozi Family, ng'oma zili m'manja mwa Chrissy Zebby Tembo. Pa siteji ankadziwika ndi kuimba gitala ndi mano.

Wailesi, kampani ndi lamulo la a Kaunda

Nyimbo sizifika kwa anthu popanda njira. Zamrock inapeza njira zitatu. Yoyamba inali ndalama za mkuwa, zimene m'zaka zoyambirira za ufulu zinapatsa ogwira ntchito m'migodi ndi m'maofesi mwayi wogula malekodi ndi kulipira pakhomo la dansi. N'chifukwa chake magulu ambiri otchuka, monga WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda ndi Amanaz, anachokera ku Copperbelt. Achinyamata ankamva The Beatles, The Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath, ndipo mu December 1970 James Brown mwiniwake anadzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola.

Yachiwiri inali makampani. Edward Khuzwayo, mwini wa Zambia Music Parlour ku Ndola, ankalemba magulu, kuwajambulitsa ndi kugulitsa malekodi awo. Kampani ya Teal inali ndi fakitale yodinda malekodi ku Ndola komweko. Kojambulira kunali Malachite ku Chingola ndi DB Studios ku Lusaka, ndipo ena ankapita mpaka ku Nairobi.

Yachitatu inali boma. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amenenso ankaimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services zikhale za m'dziko momwemo. Cholinga chinali kulimbitsa chikhalidwe ndi umodzi wa dziko. Zotsatira zake zinali zoti wailesi inasowa nyimbo zodzazira maola, ndipo anyamata a tsitsi lalitali ndi nsapato zazitali zidendene, amene akuluakulu ankawaona ngati opulupudza, anapeza khomo lotseguka. Magulu amene ankangobwereza nyimbo za azungu m'mahotela anayamba kupeka zawo, zina m'Chingerezi, zina m'zinenero za kwawo.

Mkati mwa Day of Judgement

Mukamvetsera chimbalechi, chinthu choyamba kukugundani ndi kuuma kwake. Palibe zokometsera. Gitala ili patsogolo, yokhakhala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ng'oma zikumveka ngati zili m'chipinda chimodzi ndi inu. Mawu a Paul Ngozi ndi a munthu amene akulankhula nanu pamsewu, osati a woimba wophunzitsidwa kusukulu ya nyimbo.

"Hi Babe" yamangidwa pa kachidutswa kamodzi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa. Mutu wake ndi moni wa mnyamata kwa mtsikana, nkhani yopepuka imene gulu lililonse la pop la m'ma 1960 likanaimba. Kolasi yake ndi yaifupi moti ukaimva kawiri wayamba kale kuyankha. Chimene chimaisiyanitsa ndi pop ndi mmene aimbira: mwaliwuma, mwamatama a mnyamata wa m'komboni amene wavala bwino Loweruka ndipo akufuna tauni yonse imuone. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka "X Offender". Pansi pali kanyimbo kosavuta, pamwamba pali phokoso losonyeza kumene kanyimboko kachokera.

Koma chimbalechi sichikhalitsa pa zibwenzi. Mulinso "Tikondane" ndi "Kumanda Kwa Bambo Wanga", nyimbo za m'Chinyanja zokhudza kukhalirana ndi imfa. Mu 1977 kunatuluka 45,000 Volts, Tommy Mwale ali pa besi, mmene muli "Nizakupanga Ngozi", chenjezo kwa mlendo wobwera pakhomo la mnzake ndi miseche m'malo mwa ulemu. Aliyense amene anakhalapo pa mdadada wa nyumba za lendi, pomwe mabanja angapo amatunga pa mpopi umodzi ndipo khoma silibisa mawu, akudziwa kuti nkhani imeneyi si yongopeka. Apa ndi pomwe Paul Ngozi anasiyana ndi anzake a ku New York. Iwo ankaimba monyoza ndi moseka dziko. Iye, ngakhale gitala ikulusa, ankalangiza ngati mkulu wa pabwalo.

Kuzuna kwa ku Lusaka kunachokera kuti?

Blondie anatenga kuzuna kwawo ku malekodi a ubwana wawo, mwadala, akudziwa kuti omvera azindikira kumene atenga. Kwa oimba a ku Lusaka, kutsogolera ndi kupolokozera sikunali kobwereka. Ndi mmene nyimbo imayendera pamtondo, pachinamwali, pamaliro, m'kwaya ya Chigwirizano cha amayi, ngakhale pamasewera a ana madzulo. Mmodzi amaponya mzere, gulu n'kuuwakha. Mzerewo uyenera kukhala waufupi ndi wokoma kuti aliyense alowe msanga. Mwana wa ku Matero kapena Chawama ankaphunzira lamulo limeneli ali kumsana kwa mayi ake, asanamvepo dzina la Phil Spector.

Komanso chigawo chino cha Africa chinali ndi magulu akeake a atsikana. Ku South Africa kunali The Skylarks ya Miriam Makeba m'zaka za m'ma 1950, Dark City Sisters imene Joyce Mogatusi ankatsogolera, ndi Mahotella Queens imene inayamba mu 1964. Malekodi awo ankabwera ku Zambia ndi anthu ochokera ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo nyimbo zawo anthu ankazitcha simanjemanje. Mahotella Queens anali atapeza kale njira yawo yosakanizira kuzuna ndi kukhakhala: mawu osalala a akaziwo ankayankhana ndi kubangula kwa Mahlathini, pamwamba pa gitala yamagetsi ya Marks Mankwane wa Makgona Tsohle Band. Dorothy Masuka, wobadwira ku Bulawayo, anakhala zaka zambiri ku Zambia atathawa maboma a azungu a kumwera. Ndipo kale kwambiri, Alick Nkhata anali atazoloweretsa omvera wailesi ya ku Lusaka nyimbo za m'tauni zoimbidwa mogwirizana mawu pa gitala.

Choncho makutu a ku Lusaka anali okonzeka. Chatsopano chimene Zamrock inabweretsa chinali kabokosi ka fuzz ndi kulimba mtima kotsegula amplifier mpaka kumapeto.

Nanga akazi anali kuti?

Apa ndi pomwe nyimbo ziwirizi zimasiyana kwambiri. Mphamvu ya "X Offender" yagona poti woimba ndi mkazi. Maimbidwe amene kale ankapatsidwa kwa atsikana ndi amuna olemba nyimbo, Debbie Harry anawatenga n'kuikamo mawu akeake. Punk inatsegulira njira akazi ambiri: Patti Smith ku New York, Tina Weymouth pa besi ya Talking Heads, Poly Styrene wa X-Ray Spex ndi gulu la The Slits ku London.

Pa siteji ya Zamrock, pafupifupi onse anali amuna. Mtsikana ali m'mutu wa nyimbo, akupatsidwa moni, akudandauliridwa, akulangizidwa, koma gitala ili m'manja mwa mnyamata. Zifukwa zake n'zosabisika. Bandi inkagwira ntchito usiku, m'mabala ndi m'mahotela, ndipo inkayenda mitunda italiitali. Ngakhale kwa mnyamata, makolo ankaona kuimba bandi ngati uchidakwa ndi ulova. Kwa mtsikana, kungooneka pamalo otere kunali kokwanira kumuonongera mbiri ndi banja. Luso la akazi linalipo lochuluka, koma malo ake ovomerezeka anali tchalitchi, maliro, ukwati ndi magulu a amayi a chipani cha UNIP oimbira atsogoleri pabwalo la ndege.

Ena anaswa mpanda umenewu. Violet Kafula anaimba ndi gulu la Crossbones ndipo anatchuka ndi "Mwebalume Bandi". WITCH itasintha n'kulowera ku disco, Christine Jackson anali mmodzi wa otsogolera nyimbo pa Movin' On ya mu 1980. M'zaka za m'ma 1980 kunamveka Anna Mwale, Joyce Nyirongo ndi Muriel Mwamba. Amayenge, gulu la kalindula la Chris Chali, linaika akazi patsogolo poimba ndi povina, ndipo iye atamwalira, Alice Chali ndiye analitsogolera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Shatel, gulu la Saboi Imboela ndi Barbara Njovu, linatchuka pansi pa kampani ya Mondo Music. Koma pofika m'ma 1980 gitala yolusa ija inali itayamba kale kuzima. Mawu a akazi ndi fuzz zinaphonyana ndi zaka zochepa chabe.

Kodi tiitchule punk?

Makampani akunja amene anadindanso malekodi a Ngozi Family amakonda kuwayerekeza ndi punk yoyambirira, ndipo khutu limavomereza: nyimbo zosavuta, zojambulidwa mwachangu, zaukali, za achinyamata a m'madera osauka. Koma mbiri yake ndi ina. Pamene Day of Judgement inkatuluka, punk inali isanatuluke kwenikweni m'timabala ta New York ndi London. Nyimbo yoyamba ya punk ya ku Britain, "New Rose" ya The Damned, inatuluka mu October 1976. Paul Ngozi sakanatengera chinthu chimene chinali chikubadwa kumene. Onsewa anamwa pachitsime chimodzi, rock ya m'ma 1960, ndipo aliyense anapita nayo kwawo.

Palinso kusiyana kwa cholinga. Achinyamata a ku CBGB anasankha kuuma pokana nyimbo zonenepa za nthawi yawo. Oimba a ku Zambia sankakana luso. Ankasirira Hendrix ndi Deep Purple, ndipo ankafuna kuimba mwaukatswiri ngati iwo. Kuuma kwa malekodi awo mbali ina kunachokera ku zida zochepa ndi nthawi yochepa ya mu situdiyo. Komanso punk ya ku Britain inkatukwana mfumukazi ndi boma poyera, pamene Zambia kuyambira mu 1973 inali pansi pa chipani chimodzi, ndipo wailesi yokhayo inali ya boma. Woimba wanzeru ankadzudzula mfiti, wamiseche, chidakwa ndi mwana wosamvera, nkhani za ndale n'kuzizungulira patali. Dzina loti Zamrock likukwanira, ndipo silifuna kubwereka ulemu kwa punk.

Chimene chinazimitsa moto

Mkuwa unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 zilizonse za Zambia. Mtengo wake utagwa mu 1975, mafuta atakwera kale mtengo, zonse zinayamba kuthina. Malire ndi Rhodesia anali atatsekedwa mu 1973. Zingwe za gitala, zida ndi zipangizo zodindira malekodi zinayamba kusowa, ndipo banja loima pamzere wa ufa, sopo ndi mafuta ophikira silikanaika chimbale patsogolo.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inafikanso pakhomo. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa omenyera ufulu a ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo pa kuukira kwa nthawi yomweyo ku Mkushi, Alick Nkhata anaphedwa. Boma linkalamula kuzimitsa magetsi ndi kuletsa kuyenda usiku. Bandi imene imadya za usiku inatsala ndi madansi a masana okha. Eni mabala anaona kuti kulemba munthu mmodzi woika malekodi a disco n'kotchipa kusiyana ndi kulipira anthu asanu. Kenako kalindula inatenga malo pa wailesi, makaseti okopera mwakuba anadya malonda, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anasintha ndi nthawi, natchukanso ndi nyimbo ngati "Bauze", mpaka anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa ndi dzina lake.

Kubwerera kwake

Kwa zaka zambiri malekodi a Zamrock ankangotuwa m'makabati. Anadzawafukula ndi osonkhanitsa malekodi akunja, makamaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, imene inagwirizana ndi oimba otsala ndi mabanja awo n'kudindanso zimbale za WITCH, Amanaz, Rikki Ililonga ndi Ngozi Family. Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH. "Khala My Friend" ya Amanaz inamveka mu sewero la pa TV la Ted Lasso. Mu October 2024, Tyler, the Creator anatulutsa "Noid", yomangidwa pa "Nizakupanga Ngozi", ndipo achinyamata mamiliyoni padziko lonse anamva Chinyanja cha ku Lusaka koyamba. N'zochititsa chidwi kuti sanatenge gitala yokha. Anatenganso mawu oimbidwa aja, pakuti phokoso limakopa khutu koma chimene munthu amapita nacho kunyumba ndi kanyimbo.

Kubwereraku kwabweretsa chimene chinkasowa mu 1976. Sampa Tembo, wodziwika kuti Sampa the Great, anatulutsa "Never Forget" mu 2022 polemekeza Zamrock, ndipo chaka chomwecho anaimba pa zikondwerero za nyimbo za Coachella ndi Glastonbury ndi bandi ya oimba a ku Zambia. Mu 2023 WITCH inatulutsa Zango, chimbale chake choyamba patapita zaka pafupifupi 40, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, ndipo pamenepo pakumveka Sampa, Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo akuimba pamwamba pa fuzz. Mtsikana wa ku George kapena Mtendere amene lero amatsogolera kwaya Lamlungu ali ndi zitsanzo zimene anzake a m'ma 1970 analibe. Akafuna kugwira gitala yamagetsi, sakubwereka mwambo wa ku New York. Kutsogolera ndi kupolokozera anakuphunzira kwa amayi ake, ndipo phokosolo anayamba kulipanga ndi anyamata onga Paul Ngozi wa ku Chibolya m'zaka za m'ma 1970.